Chiganizo Chimodzi cha Mayi Elsie

Maliro a akazi awo atatha, achibale atabwerera ku Mitundu, a Lemson Chikaonda anatsala okha m'nyumba yaikulu ya ku Area 47. Anali atapuma pa ntchito yawo yoyeza malo, ndipo masiku ankawatalikira. Mwana wawo wa ku Joni anawasiyira laputopu kuti aziimbirana, koma iwo anapezamo china: buku lalikulu la pa intaneti lofotokoza za anthu, malo ndi zinthu, lomwe aliyense amaloledwa kulembamo. Anafufuzamo dzina la malemuwo, Elsie. Munalibe.

Anakhala pakhonde n'kulemba ndi zala ziwiri mpaka dzuwa kupendeka. Analemba kuti Elsie anali mayi wabwino kuposa amayi onse m'Malawi muno, wodziwa kuseka, wosasunga mangawa. M'mawa mwake tsambalo linali litafufutidwa. M'malo mwake anapeza uthenga wa munthu wodzitchula Suhaila: "Takulandirani, bambo, ndipo pepani ndi zovutazi. Tsamba lanu ndalichotsa chifukwa lilibe umboni. Loweruka olembafe timakumana pa lesitilanti ina ku City Centre. Mutabwera, ndingakufotokozereni bwino."

Loweruka anapita atavala jekete, mtima uli m'mwamba, atakonzeka kukalipa. Anapeza anthu ochepa atazungulira tebulo, ndipo mtsikana wovala mpango wobiriwira kumutu anaimirira n'kuwapatsa mpando.

"Ndinu amene mwafufuta mkazi wanga?"

"Ndine, bambo. Dzina langa ndine Suhaila. Ndimagulitsa mankhwala ku Old Town, izi ndimangodzipereka."

"Mukuti palibe umboni. Umboni wake ndine! Ndakhala naye zaka makumi anayi."

"Ine ndikukukhulupirirani," anatero Suhaila motsitsa mawu. "Koma wowerenga wa ku Karonga sakudziwani. Chilichonse cholembedwa muno chimayenera kuloza ku nyuzipepala kapena buku lomwe wina angakatsegule yekha. Mawu oyamikira sitiikamo, ngakhale munthuyo akhale wabwino chotani. Komanso za m'bale wako sulemba wekha, umapempha ena akuthandize."

"Malamulo ouma mtima."

"Nanenso ndinatero. Tsamba langa loyamba linali la agogo anga aamuna, telala wa pafupi ndi mzikiti. Silinagone n'komwe. Ndinalira ngati amwaliranso kachiwiri." Anatseka laputopu yake. "Tandiuzani, mayiwo anali munthu wotani?"

Chiikireni maliro panalibe amene anawafunsapo funso limenelo. Anthu ankangoti limbani mtima. A Chikaonda anayamba monyinyirika, kenaka mawu anangotuluka okha. Tiyi anazizira. Anafotokoza za Elsie akuphunzitsa kusukulu ya pulayimale, za nsapato zake zachinsalu, za momwe ankasonkhanitsira amayi ogulitsa tomato ndi usipa mumsika kukasewera mpira wamanja madzulo, amuna awo akudandaula kuti ndiwo zikuchedwa.

"Dikirani," anawadula Suhaila. "Timuyo inkapikisana ndi ena?"

"Inatengapo chikho! Atolankhani anabwera."

Lachitatu masana Suhaila anapempha chilolezo kuntchito, ndipo awiriwo anakakhala mulaibulale kutembenuza nyuzipepala zakale zomangidwa m'mitolo, fumbi likuwayetsemulitsa. Atatsala pang'ono kutaya mtima, a Chikaonda anaima chala chili papepala. Inali nkhani yaifupi, pansi pa tsamba la masewero, ndi chithunzi chothimbirira: amayi atandanda, Elsie ali kumapeto, wezulo ili pakhosi. Anavula magalasi n'kuyang'ana kuzenera kwa kanthawi.

"Ndiye tsamba lija libwerera?" anafunsa a Chikaonda pambuyo pake.

"Ayi, bambo. Sindikunamizani. Nkhani imodzi yaifupi siikwanira kuti munthu akhale ndi tsamba lakelake. Koma pali tsamba la mpira wamanja mumzinda wa Lilongwe, ndipo za amayi amumsika mulibemo. Pamenepo chiganizo chimodzi chikhoza kulowa."

"Chimodzi basi?"

"Chimodzi, koma chokhalitsa."

Anachilemba okha papepala: Timu ya amayi amumsika, yomwe anaiyambitsa mphunzitsi wokondedwa Elsie Chikaonda, inapambana chikho cha mzinda. Suhaila anawerenga, n'kuloza liwu lakuti wokondedwa. A Chikaonda anapumira m'mwamba, nalikhwatcha okha. Popeza iwo anali mwamuna wa malemuwo, Suhaila ndiye anachilowetsa m'bukumo, n'kuika dzina la nyuzipepala ndi tsiku lake pansi.

Patapita milungu ingapo, foni ya Suhaila inalira ali pakauntala kuntchito. Anali a Chikaonda.

"Achemwali, wina wagwiragwira chiganizo chathu chija!"

"Wachiononga?"

"Ayi... wawonjezera. Akuti timuyo inakaseweranso ku Zomba chaka chotsatira, ndipo waika nyuzipepala ina. Pa tsamba lokambirana walembapo kuti mayi ake ndiwo ankagoletsa. Zoti anapita ku Zomba ine ndinali nditaiwala. Ndinali kuntchito ku Kasungu nthawi imeneyo. Kodi munthu wotere umamuthokoza bwanji?"

"Mulembereni pomwepo, pansi pa mawu akewo. Pomaliza muike timizere tokhotakhota tinayi, dzina lanu lidzatuluka lokha."

"Timizere timeneti ndikatipeza kuti?"

"Pa mabatani a laputopuyo, pakona ya kumanzere, pamwamba. Mudinize pamodzi ndi batani lokulitsa zilembo."

Suhaila anamva kugogoda kwapang'onopang'ono, kenaka a Chikaonda akudziwerengera motsitsa zomwe alemba. Kasitomala anali atatambasula kale dzanja ndi chikalata cha adokotala, koma iye anamupempha ndi maso kuti adikire kaye.