Mluzu wa Pofika

Mluzu utalira pakhonde, mai Aliness anasiya chipande mumphika wa kalongonda n'kutola beseni pathandala. Anayenda mapazi angapo kulowera njira ya kudoko asanakumbukire kuti amuna awo, a Jonasi, anatsikira kulichete zaka zinayi zapitazo. Anaima chilili, beseni lili m'manja, maso ali ku njedza, zomera zazitali za m'madzi, zomwe zinkagwedezeka kutali m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa.

Lenia, mwana wawo, anaziona zonsezi ali pamkeka, laputopu ili pamiyendo. Amene analiza mluzuwo palaputopupo anali iyeyo, ndipo manyazi anamugwira.

"Pepani amayi. Ndi makinawa."

Lenia anaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Pamudzi ankamuseka kuti anapita kusukulu kukaphunzira kusewera, poti ntchito imene ankailakalaka inali yopanga magemu a pafoni. Tsopano kampani ina ya mumzindamo inkafuna kulemba munthu mmodzi mwa achinyamata atatu, ndipo aliyense anayenera kutumiza gemu yake pofika Lachisanu. Ili linali Lachitatu. Iye anabwera kumudzi kudzajambula phokoso la madzi ndi kulira kwa mbalame, kuti nyanja ya m'gemumo izimveka ngati nyanja yeniyeni.

Mai Aliness anabwerera pang'onopang'ono, nakhala pamkekapo. "Tandionetsa chimene chikuyankhula mawu a amuna anga."

Pagalasi panatuluka nyanja ya m'mamawa, madzi ake otuwa ngati tiyi wamkaka, nkhungu ikuyenda pamwamba. Akakowa ankadutsa mwakachetechete. Pakati pa njedza panatulukira bwato, ndipo msodzi ankalikankha ndi nsungwi yaitali, atavala chipewa cha mlaza chong'ambika mbali imodzi. Lenia anachijambula chipewacho kwa sabata yathunthu, akulira nthawi zina, mpaka chinafanana.

"Chipewa ndi chawo," anatero mayi aja. "Koma mimbayo ayi. Wawadyetsa chiyani kutauniko?"

Anaseka onse awiri. Lenia anawaonetsa mmene wosewera amakolera nsomba za matemba ndi makumba, mmene amazembera mafunde mwera ukauka. Atakola mlamba waukulu, mluzu uja unaliranso. Lenia anautenga pa kavidiyo kakale ka pafoni ya mlongo wake, ndipo anauika kuti uzilira nthawi iliyonse msodzi akapha nsomba yaikulu.

Mayi aja anaonerera nthawi yaitali, chibwano chili padzanja.

"Nanga amafika nthawi yanji?"

"Kufika kuti, amayi?"

"Kumtunda."

"Gemu imeneyi ilibe mathero. Munthu amasewera mpaka bwato litatembenuka. Kenako amayambiranso."

"Bwato kutembenuka. Kenako n'kuyambiranso." Mai Aliness anawabwereza mawuwo ngati akulawa mankhwala. "Mwanangu, bambo ako sankaimba mluzu chifukwa cha nsomba. Akapha zambiri ankangoti duu, kuopa nsanje za anzawo. Mluzu umenewo ndi wa pofika. Akaona mtengo wa mkuyu wa padoko ankaimba kuti ine nditenge beseni. Iwe wamuimbitsa munthu mluzu wa pofika, koma doko sunamupatse."

 Lenia ankagonera kusukulu masiku amenewo, ndipo mluzu ankaudziwa ngati kanyimbo chabe ka bambo ake. Chimene ankachidziwa bwino ndi mmene anamwalirira. Anadwala m'mimba ali kuzimbowera, tinyumba toyandama timene asodzi amamanga pakati pa njedza, ndipo anzawo anabwera nawo atawagoneka m'bwato. Tsiku limenelo padoko sipanamveke mluzu.

Madzulo dzuwa lisanalowe anakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, naimbira a Goodman, mkulu wa opanga magemu kukampani ija. Anali munthu wabwino, ndiye amene anamuphunzitsa zambiri, koma pa nkhani ya ntchito sankapita m'mbali.

"Doko la chiyaninso?" anafunsa a Goodman. "Tamvera, Lenia. Ukaika doko, munthu afika, asangalala, azimitsa foni. Ife timafuna asazimitse. Ndi zimene ndakhala ndikufufuza zaka zonsezi, chimene chimamugwira munthu kuti asachoke."

"Koma msodzi amabwerera kwawo, bwana."

"Wa m'nyanja, inde. Wa m'foni alibe kwawo. Gemu yako ndi yabwino kuposa za anzako awiri aja, usaiwononge masiku awiri omaliza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Lenia anatsika pachulu mtima uli mbali ziwiri. Ntchitoyo ankaifuna, osati pang'ono. Ankadziona kale ali muofesi yozizira, dzina lake likuyenda pagalasi m'mafoni a anthu a ku Mzuzu ndi ku Lusaka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo dziwe lake lachiwiri linali limeneli.

M'mawa mwake anapita kudoko ndi foni yojambulira. Nkhungu inali isanachoke, moti mabwato ankaoneka ngati akuyenda mumlengalenga. Anamvetsera. Msodzi wina anafika akuomba nsungwi pabwato katatu. Wina ankakuwa dzina la mwana wake. Pa chizindikiro chilichonse mayi mmodzi yekha ndiye ankadzuka pagulu la amayi odikira, beseni kumutu, osayang'ana n'komwe kuti ndani akubwera. Lenia anakulira panyanja imeneyi, koma zimenezi anali asanazione. Anaiwala ndi kujambula komwe.

Anabwerera kunyumba, natsegula laputopu pansi pa mtengo wa mango. Anachotsa mluzu pa nsomba. Anajambula mkuyu, matope a padoko, ndi mayi wachitenje chobiriwira. Batire ikatha ankathamangira kwa aneba okhala ndi magetsi a sola, ndipo mayi ake ankangomuikira mbale ya kalongonda pambali osafunsa kanthu.

Lachisanu m'mawa anaika gemuyo pafoni, napereka kwa mayi ake.

"Ikani chala apa. Mukakankha, bwato liyenda. Nsomba zili uko."

Chala cha mai Aliness chinali chokhakhala ndi khasu, ndipo poyamba bwato linangozungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodwala chitopa. Kenako analigwira. Sanapite kumene kunali nsomba. Analitembenuza, nalilunjikitsa kumene kunkaoneka kamzere kakuda ka mtunda.

"Amayi, simunaphe ngakhale kansomba kamodzi. Mubwera chimanjamanja."

"Kodi ine ndinakwatiwa ndi nsomba?"

Nkhungu inapatuka. Mkuyu unatuluka, kenako doko. Msodzi wa chipewa chong'ambika anaimika nsungwi, ndipo mluzu unalira. Mayi wachitenje chobiriwira anadzuka ndi beseni lake. Bwato linagunda matope, munthu uja natsika ndi miyendo yake.

Ulendo uno mai Aliness sanadzuke. Anaigwira foni ndi manja awiri, misozi ikutsikira pachitenje.

"Mwafika, bambo a Lenia," anatero chapansipansi. "Mwachedwatu."

Lenia anapukuta m'maso, naika laputopu m'chikwama. Kutumiza gemu kunkafuna netiweki yamphamvu ya ku Chiringa, ndipo ulendo wa panjinga unali wautali. Ankadziwa chimene a Goodman akanene akaliona dokolo, ndipo mantha anali nawo ndithu. Koma gemu ina yoti atumize analibe, ndipo sankaifunanso.

Foni anawasiyira mayi ake. Atakankha njinga mpaka kumapeto kwa munda wa nandolo, anamva kumbuyo kwake mluzu uja ukuliranso.