Makina Akana Phunziro la Ba Oswell

Becky Mulubwa wa ku Chelstone ankalemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo akapeza mpata ankathandiza gulu losamalira laibulale yaulere ya makodi, ndiwo malamulo olembera mapulogalamu, yotumizira mauthenga pafoni. Amene anaiyambitsa ndi ba Oswell, injiniya wopuma pantchito wa ku Woodlands. Aliyense wolemba phunziro la kagwiritsidwe ntchito kake ankalitumiza kwa iwo, iwo n'kulikonza pamanja palaputopu yawo yakale asanaliike pawebusaiti. Akapita kumudzi ku Mansa, maphunziro ankangounjikana mpaka abwerere.

Becky anatha masabata atatu akukonza njira yatsopano. Tsopano munthu akatumiza phunziro, makina a pa intaneti ankayesa okha zitsanzo zonse za kodi. Zikayenda bwino pankaoneka chizindikiro chobiriwira, phunzirolo n'kukwera pawebusaiti. Zikalephera pankaoneka chofiira.

Atayesa maphunziro akale, onse anadutsa kupatula loyamba lenileni, lolembedwa ndi ba Oswell. Becky anabwereza kawiri poganiza kuti wolakwitsa ndi iye, koma chofiira chinakhala pomwepo. Anaona kuti nkhani yotere siyouza munthu wamkulu pafoni, choncho Loweruka m'mawa anakwera minibasi mpaka ku Woodlands.

Anawapeza pakhonde pamodzi ndi akazi awo, ba Winifred, amene ankasadzula chibwabwa, ndiwo ya masamba a dzungu.

"Shani, Becky? Makina yako yasebenza?" anafunsa ba Oswell.

"Yasebenza, koma yakana phunzilo imodzi."

"Ya ndani?"

Becky anayang'ana pansi. "Yanu."

Ba Oswell anavala magalasi n'kukokera laputopu pafupi. Sanachedwe kupeza vuto. Zaka zitatu zapitazo iwo omwe anasintha dzina la lamulo lina mulaibulale, n'kuiwala kulisintha m'phunziro lawo.

"Zaka zitatu zonse, palibe wondiuza?"

"Anakuuzani," anatero ba Winifred, maso ali pandiwo. "Ba Ng'andu, aja aphunzitsi a ku Chilenje, anakulembelani kawili. Munati kompyuta yawo ndiye yodwala."

Ba Oswell anaphulika chiseko mpaka kuvula magalasi kuti apukute misozi. Becky naye anaseka, mtima utakhala pansi.

Ba Oswell anakonza mzere wolakwikawo n'kutumiza. Patapita mphindi imodzi, chofiira chinabweranso, poti m'kufulumira anasiya chilembo chimodzi.

"Aya makina sadziwa ulemu," anadandaula, koma nkhope ili yowala.

Atatumizanso, chobiriwira chinaoneka, ndipo phunziro linakwera lokha popanda iwo kukhudza kalikonse. Anatsegula webusaiti pafoni kuti atsimikize, n'kuonetsanso akazi awo.

Becky akumwa tiyi, ba Oswell analembera ba Ng'andu uthenga wopepesa, n'kuwapempha kuti nawonso alembe phunziro lawo. Yankho linafika makapu asanachotsedwe patebulo: analemba kale maphunziro awiri, ankangoopa kutumiza.