Kapoto Kakang'ono ka Mayi Ozella

Mbale itafika patebulo, bambo Cleon anangoiyang'ana osaigwira. Kumalo odyera a mayi Ozella kunalibe woitanitsa chakudya. Mayiwo ankadziwa mbale ya munthu aliyense wa m'deralo. Ya bambo Cleon Lachisanu lililonse inali nyama ya nkhumba yomira mumsuzi, masamba ophikira chiboda cha nkhumba, ndi chigumu. Tsikulo munali mlamba wowotcha, khobwe, ndi masamba osanyezimira.

Mwana wawo Nakia anawerama, n'kumatakasa tiyi wake wozizira. Dzulo lake pochokera kusukulu anali atalowera khomo lakuseri n'kuwauza mayi Ozella zonse: bambo ake sanapite ku Memphis kukaona mlongo wawo monga ankauzira anthu. Anagwa kuntchito, nagonekedwa m'chipatala, ndipo adokotala anawaletsa mchere ndi mafuta.

"Ozella!" anaitana bambo Cleon. "Maso ayamba kuvuta kodi? Mbaleyi si yanga."

"Ndi yanu, achimwene. Idyani isanazizire."

A Rufus, ometa tsitsi pafupi pomwepo, anatembenuka pampando wawo. "Cleon, wayamba liti kudya ngati mtsikana woyembekeza diresi la ukwati?"

Amuna a patebulo lapawindo anaseka.

"Nkhumba yatha," anatero mayi Ozella akupukuta manja.

"Yatha bwanji ndikuimva ikulira m'chiwaya?"

Nakia sankakonda kuyankhula pagulu, ngakhale m'kalasi.

"Ndine ndinawauza, adadi," anatero chapansipansi.

"Unawauza chiyani?"

"Za kuchipatala."

Kuseka kunatha. Chokupizira mphepo chakudenga chokha ndicho chinkamveka. Bambo Cleon anayang'ana anzawo mmodzimmodzi, kenako mwana wawo.

"Ndiye za m'nyumba mwanga zikuphikidwa limodzi ndi masamba? Ndinakuuza chiyani iwe?"

"Munati ndisauze munthu."

"Nanga?"

"Ndinakuonani mutagona paja, pakamwa patapotoka. Inu simunadzione."

Bambo Cleon anatambasula dzanja n'kutenga botolo la mchere.

A Rufus anakhosomola. "Pepa m'bale, sindimadziwa. Koma ukalamba suona nkhope. Enafe tinabadwa ndi mtima wachitsulo."

"Wachitsulo?" Mayi Ozella anagwira m'chiuno. "Rufus, masamba ukudyawo akoma?"

"Ngati masiku onse, mayi."

"Achokera m'kapoto kakang'ono, momwe mwachokeranso a Cleon. Mulibe nkhumba, ndi nkhukundembo yofutsa pautsi. Mkazi wako analowera khomo lakuseri lomwelo chaka chatha kudzandiuza za mtima wakowo."

A Rufus anayang'ana m'mbale mwawo, foloko ili m'mwamba.

"Ndipo inu apawindo musatulutse mano," anapitiriza mayiwo. "Kapotoko kayamba kuchepa. Ndikatchula mayina, muno mutsala anthu awiri."

Wina anaseka, koma yekha. Ena anawerama n'kumalawa masamba awo mosamala, ngati akuwaona koyamba.

Mayi Ozella anafika patebulo la bambo Cleon, natsitsa mawu. "Ndatumiza chakudya pamaliro ambiri a anthu amene ankakhala pamipando imeneyi, achimwene. Ndatopa nazo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mcherewo uli m'manja mwanu, sindikulandani."

Anabwerera kukhitchini. Nakia sanayang'ane bambo ake. Ankangoyang'ana dzanja lawo. Botolo linakhala pamwamba pa mlamba uja kanthawi. Kenako bambo Cleon analiika pansi, nanyema chigumu, n'kuchiviika mumsuzi wa masamba. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Zosakoma," anatero.

Koma anamaliza, mpaka kupukuta mbale ndi chigumu chotsala.

Pobwerera kunyumba sanamuyankhule Nakia, ndipo sabata yonse ankangomuyankha "eya" kapena "ayi". Lachisanu linalo, Nakia akutuluka pageti la sukulu, anapeza galimoto ya bambo ake itaima pamalo pomwe ankamudikirira kale. Analowa. Atafika kwa mayi Ozella, bambo Cleon anasuntha botolo la mchere n'kuliika kumbali ya Nakia, kuseri kwa tambula yake.

"Rufus!" anaitana. "Kapoto kathu kapsa?"