Nambala 8 ya Mayi Fainala

Ine Prosper Tsoka ndinachoka ku Kaomba ndi malaya amodzi ndi nsapato zobwereka. Ndinakagulitsa mafoni ku Joni, ndinakonza makompyuta ku Nairobi, ku Dubai ndinafikako kawiri, ndege ndakwera mpaka kutopa nayo. Nditabwerera kwathu ndinagula esiteti ya fodya wa bale, n'kulemba matenanti asanu ndi atatu.

Mkangano wa pa esiteti umayambira ku nazale. Banja lililonse limafesa fodya kudambo, ndipo mbande zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Chitsime n'chimodzi. Wopatsidwa malo apafupi amathirira akuimba. Wa kumapeto amasenza makheni mtunda wonse, dzuwa n'kumuphera mbande. Chaka choyamba anagawa malowo ndi kapitawo wanga, a Yobu, ndipo apachitsime anagwera alamu awo. Makasu anatsala pang'ono kugwira ntchito ina.

"Kukondera kwatha," ndinalengeza. "Kuno tizichita mayere pakompyuta, ngati anthu oyenda."

Tenanti aliyense ndinamupatsa nambala monga mwa kafikidwe kake pa esiteti. Kenako ndinalemba pulogalamu mu Python, mizere inayi yokha, yosankha nambala mwachisawawa pakati pa 1 ndi 8. Kompyuta imatulutsa nambala yokhala ndi mchira kuseri kwa kadontho, monga 5.8213. Mchirawo timadula, patsala 5. Woyamba kutuluka amasankha malo. Nambala ikabwereza timadinanso. Wotsala yekha amatenga zotsala.

Zaka zitatu zinayenda bwino kwa onse kupatula Mayi Fainala, amasiye a ku Phalombe, amene anafika pomaliza n'kukhala nambala 8. Zaka zonsezo wotsala anali iwo. Chaka chatha theka la mbande zawo linauma, munda n'kukhala ndi mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

Chaka chino titasonkhana m'chigafa, ndisanatsegule n'komwe laputopu, mayiwo anaimirira.

"Abwana, makina anuwo amandidziwa?"

"Makina sadziwa munthu, mayi. Alibe mlamu."

Onse anaseka, kupatula a Yobu.

"Nanga ndinawalakwira chiyani? Ndikakhalanso kumapeto chaka chino, ndikukwera basi ya kwathu. Msanawu ndili nawo umodzi."

Sindikanalola kuti apite, chifukwa posankha fodya palibe wofika pa iwo m'Kasungu muno.

"Ndi mwayi chabe," ndinatero. "Ku Dubai amazidziwa zimenezi."

"Ku Dubai sindinafikeko. Tadinani ka handiredi tione."

Anajambula timabwalo tisanu ndi titatu pansi, n'kumasula mfundo ya chitenje mmene munali chimanga. A Gomezgani, tenanti wa ku Kaluluma amene ali ndi mawu ngati mlaliki, anakhala pambali panga kuti aziwerenga mokweza. Ine kudina, iwo kufuula, mayiwo kuponya njere pabwalo la nambalayo.

Milu inayamba kukula. Wa 3 unatupa, wa 6 unatsatira. Bwalo lachisanu ndi chitatu linali mbee, nyerere yokha ikudutsapo.

"7.9641!" anafuula a Gomezgani.

"Imeneyo ndi yanga," anatero Mayi Fainala. "Yafika pakhomo."

"Mchira timadula, mayi. Ndi 7."

"Ndiye kuti ndituluke ine, pafunika 8 yopanda mchira?"

Ndinayang'ananso mizere inayi ija: mayiwo amanena zoona. Pakati pa 1 ndi 8 manambala amchira ndi ochuluka ngati mchenga, ndipo onse amathera pakhoma la 8. Ina iliyonse yoyandikira khomalo ndinkaidula ndekha n'kuipereka kwa nambala 7. Kuti mayiwo akhale ndi gawo lawo, khoma linayenera kukhala pa 9. Zaka zitatu munthu anasenza madzi chifukwa cha chala changa.

"Makinawa alamu ali nawo asanu ndi awiri," anatero a Yobu, nkhope ikuwala koyamba chiyambire mayerewa.

"Ndimafuna kuona ngati muli tcheru," ndinayankha. Palibe anavomera, ngakhale nkhuku zimene zinali zitayamba kutola milu ija.

Ndinafufuta 8 n'kulemba 9. Poyesa, kachisanu ndi chimodzi panatuluka 8.2750, anthu n'kuwomba m'manja ngati paukwati.

"Tsopano tiyambe mayere enieni," ndinatero.

"Dinirani anzangawa," anatero mayiwo. "Ine ndadikira mokwanira."

Ananyamula kheni yawo, n'kutsetsereka kudambo tonse tikuyang'ana, n'kukaikhazika pamalo oyamba, pakamwa penipeni pa chitsime. Alamu a a Yobu anakweza dzanja kuti atsutse, a Gomezgani n'kulitsitsa.

Basi ya ku Phalombe inapita yopanda iwo. Mbande zawo chaka chino n'zobiriwira mpaka anthu a ku Chisemphere akubwera kudzaona.

Ku Nairobi cholakwa chotere amachisaka mainjiniya asanu kwa milungu iwiri. Pa esiteti yanga chinapezeka ndi chimanga chodzaza dzanja limodzi, dzuwa lisanafike paliwombo. Nanga anamulemba ntchito munthu ameneyo ndani? Ine.