Oyilo pa Chogwirira

Abale awiriwa ntchito yawo inali yosadza mitengo ikuluikulu ya pakhomo pa anthu. Wamng'ono, amene onse ankamutchula kuti Gologolo, ndiye ankakwera. Mkulu wake anasiya kukwera bondo litayamba kuvuta, ndipo tsopano ankaima pansi, kusamala zingwe ndi kulandira nthambi.

M'mawa umenewo anali pa mtengo wautali umene nthambi yake inaweramira denga la nyumba ina. Gologolo anali atafika kale pamphanda, mamita ngati khumi ndi asanu kuchokera pansi. Moyo wake unali pa chogwirira, kachitsulo kokwana m'dzanja kamene chingwe chimadutsamo. Munthu akamakwera kamalola chingwe kuyenda, koma akakhalira ndi thupi lonse kamaluma chingwecho n'kumugwira.

Mkuluyo ankakulunga mchira wa chingwe kuti usakodwe m'maluwa pamene anamva kuterera m'manja. Anayang'ana zikhatho, zinali kunyezimira. Ananunkhiza. Unali oyilo wa sowo, makina awo odulira mitengo.

Dzulo lake, ataona kuti chogwiriracho chauma ndi utomoni, anachithira oyilo kuti chifewe, n'cholinga chochitsuka ndi sopo kukacha. Kutacha anatanganidwa ndi kunola tcheni, zotsukazo n'kuiwalika. Analinso ndi lamulo lawo, loti wokwera ayambe walendewera pafupi ndi pansi kuti aone ngati chida chikuluma. Lero analidumpha chifukwa mayi wa panyumbapo ankafulumira kupita kuntchito.

"Iwe! Gologolo!"

Sowo inali kulira, mawu a mkuluyo sanafike. Anaona mphwake akuzimitsa sowo, kenako n'kumasula chingwe chachifupi chimene chinamumanga kuthunthu, kuti ayende panthambi ija.

"Gologolo! Ima pomwepo!"

"Chavuta n'chiyani, achimwene? Njala yayamba kale?"

"Bwezera chachifupicho kuthunthu."

"Aa, ndangochimasula kumene. Mudzandipatsa inu bondo lina, langali likatha ngati lanulo?"

"Bwezera, ndati. Ndipo usakhalire chogwirira."

Gologolo anasuzumira pansi kuti aone nkhope ya mkulu wake, ndipo posuzumirapo anatsamira chingwe. Chogwirira sichinalume. Anatsetsereka, mapazi n'kuchoka panthambi, ndipo anangoikumbatira ndi dzanja limodzi, chifuwa chitagunda pamtengo. Sowo inalendewera m'chiuno mwake n'kumazungulira.

Mayi uja anatuluka ndi chikwama paphewa. "Abambo, denga langalo musa..."

"Mayi, lowani m'nyumba." Mkuluyo sanatembenuke n'komwe. Mawu ake anawatsitsa, ngati akuuza munthu njira ya kumsika. "Mphwanga, usandiyang'ane. Dzanja lamanja lili ndi mpata. Ponya chachifupi kuseri kwa nthambi."

Gologolo anaponya. Ngowe yake inagunda khungwa n'kubwerera.

"Dzanja likuchita dzanzi, achimwene."

"Ndikudziwa. Chitalikitse pang'ono. Ponyanso."

Ulendo uno chinazungulira. Zala zinafufuza mphete ya lamba wa m'chiuno, zinaphonya, zinafufuzanso. Kenako kunamveka kuti khethe. Gologolo anasiya nthambi pang'onopang'ono, chingwe chachifupi n'kumugwira.



"Chidachi chatani? Dzulo chinali bwino."

"Ndinachithira oyilo. Sindinachitsuke."

"Inuyo?"

"Ineyo. Chingwe chonse cha kumunsi kwako chanyowa. Usatsikirepo."

Mkuluyo anatulutsa m'thumba chingwe china choyera ndi kachingwe kakang'ono komangira mfundo yolowa m'malo mwa chogwirira. Anapukuta manja pamalaya mpaka kuuma, n'kuzimangirira kumchira wa chingwe chonyowacho. Gologolo anazikoka n'kukoleka chatsopanocho pamphanda.

"Mfundo yakale ija ukuikumbukira? Zunguliza kanayi."

"Munandiphunzitsa ndinu."

"Khalira uone kaye. Chachifupi usamasule."

Anakhalira, mfundo inagwira. Anakhaliranso mwamphamvu, inagwirabe. Pamenepo anamasula chachifupi n'kuyamba kutsika, dzanja lili pamfundo, ndipo mkulu wake ankawerenga mumtima mphanda iliyonse imene wadutsa.

Atafika pansi, Gologolo anakhala pa udzu. Mkuluyo anamupatsa botolo la madzi, ndipo Gologolo anamwa theka. Kenako anachotsa chogwirira palamba, n'kuchitembenuza padzuwa. Oyilo anali atadzaza m'mano mwake.

"Mukanandiuza dzulo."

"Ndikanakuuza."

Mkuluyo anawerama kuti atole thumba la zida, monga ankachitira tsiku lililonse kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Gologolo anaikapo phazi.

"Lisiyeni, achimwene. Kuyambira lero zokwerera ndizisunga kwanga. Inu muzisamala sowo."

Mkuluyo anawongoka pang'onopang'ono, chifukwa cha bondo. Anayang'ana thumbalo, anayang'ananso mphwakeyo.

"N'zoona," anatero, n'kupita kukagogoda pakhomo kuti awauze mayi aja kuti nthambiyo idulidwa mawa.