Si Koko Ameneyo

Fanuelo atafika kudimba m'mawa uja anapeza mzere wonse wa maluwa ake utazulidwa. Masamba anali mbwee m'matope, maluwa oyera aja atapondedwa, koma mizu panalibe.

Maluwawo anachokera nawo ku Zomba, kumene anakalambira akuthirira kapinga wa mzungu. Adona ankawatcha kala. Atamuchotsa ntchito chimanjamanja, iye anakumba timizu tingapo n'kudzabzala pachinyontho m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Ankathira manyowa a mbuzi, kusadza masamba achikasu, anthu akumuseka kuti akulima chosadyedwa. Masamba ake ndi ofanana ndi a koko, muzu wakenso chimodzimodzi. Koma Fanuelo anaonapo galu wa adona atatafuna muzu umenewu. Lilime linatupa mpaka kudzaza mkamwa.

Njala ya chaka chija inali isanathe. Wozulayo sanazule kuti akakongoletse pakhomo.

M'matopemo munali mapazi a munthu wamkazi. Anawalondola chothamanga, ndipo anakathera pakhomo pa mlongo wake Dailesi. Anamupeza ali pakhonde, akudzikanda m'manja.

"Chemwali, mwaika kuti mizu ija?"

"Moni mulibe, achimwene? Mpaka kulondola mapazi chifukwa cha koko? Mbumba yanu ikugona ndi njala, inu muli pakalikiliki kunenepetsa maluwa."

"Si koko ameneyo. Wadyako ndani?"

"Sindinaphike. Ndangosenda."

"Estere ali kuti?"

Dailesi anasiya kukanda.

Estere, kamwana ka Dailesi, anali kuseri kwa nyumba atatsamira mtondo, kachidutswa kolumidwa kali m'manja. Milomo inali itatupa, dovu likuchucha pachifuwa. Sankalira. Mpweya unkatuluka ndi kamluzu, ngati wodutsa m'bango.

Fanuelo anamunyamula, n'kumupisa chala mkamwa kuchotsa zotsalira, n'kumutsuka ndi madzi a mumtsuko. Chipatala chinali kutali, ku Zomba, ndipo anadziwa kuti mwana wotere sangafike. Anamukhazika tsonga pamiyendo, akumudonthezera madzi ndi chipande. Madziwo ankangobwerera.

Kulira kwa Dailesi kunaitana mudzi. Amayi a m'mudzimo anaima patali, manja kumbuyo.

"Chambu chimenechi," anatero mayi wina motsitsa mawu. "Anatsirika dimba."

"Kutsirikira mwana wa mlongo wake yemwe."

"Munthu wolima maluwa a pamaliro anthu asanafe, mumati akudikira chiyani?"

Fanuelo anamva zonse. Anthu omwewa ankadzapempha fodya kwa iye. Sanatukule mutu. Khutu lake linali pa kamluzu kaja, ndipo kakachedwa pang'ono, nayenso mpweya unkamuthera.

Dzuwa linafika paliwombo, n'kupendeka. Mkono unachita dzanzi koma sanamutule. Kenako pakhosi pa mwanayo panayenda. Anameza. Anamezanso, n'kutulutsa kulira kosasa mawu.

"Wameza, chemwali. Akhala moyo."

Dailesi anamulanda mwanayo osamuyang'ana kumaso, n'kumubereka. Kenako anatola mizu yosendasenda ija ndi timitengo tiwiri, kuopa kuikhudza, n'kuikulunga m'tsamba la nthochi.

"Kakwirireni kutali, mbuzi zingadye," anatero Fanuelo.

"Sindikwirira ayi," anayankha Dailesi. "Anthu ayambe aiona pabwalo la milandu."

Amayi aja anamupatukira njira, n'kumutsatira onse. Fanuelo anatsala yekha pamtondo, chipande chili m'manja.