Nyimbo ya Maliro Pakhomo pa Beyuo

Msuweni wanga Beyuo anayamba ndi kuiwala pamene waika fodya, kenako njira yochokera kumsika wa ku Nandom, kenako dzina la mwana wake Dery. Pofika chaka chatha ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, manja ali pamaondo. Akamupatsa chakudya ankadya. Akapanda kumupatsa sankapempha.

Munthu ameneyu ndiye ankaimba mangolongondo, amene ife timati gyil, pa maliro ambiri a dera lino kuyambira tili anyamata. Pa maliro a mkazi wanga anaimbanso ndi iyeyo. Za tsikulo sindinena zambiri.

Namwino wina dzina lake Perpetua anayamba kusonkhanitsa okalamba odwala matenda oiwala m'holo ya parishi Lachitatu lililonse, kuti aziimba nyimbo zakale. Anandipempha kuti ndizimuthandiza, poti uphunzitsi ndinapuma ndipo kunyumba kulibe wondidikira. Tinapita naye Beyuo. Amayi okalamba ankawomba m'manja, ena ankakumbukira ndime zonse za nyimbo za ubwana wawo, koma iye ankangoyang'ana khomo lotulukira. Namwino anandifunsa kuti manja a munthuyu ankagwira ntchito yanji. Nditamuuza, anati timupatse chida chake chenicheni, kwawo komweko.

Mangolongondowo anali m'chipinda chosungira mapira, atakutidwa ndi masaka. Ine ndi Dery tinawatulutsa, tinawapukuta, n'kuwaika patsogolo pa mdalayo. Ndinamulowetsa timitengo toimbira pakati pa zala. Anamenya thabwa limodzi, nakwinya nkhope, namenyanso. Kenako manja onse awiri anayamba kuthamanga, ndipo inatuluka nyimbo ya gule amene tinkavina tikakolola. Atamaliza anandiyang'ana.

"Choko," anatero. Limeneli ndi dzina limene ankandinyoza nalo chiyambire uphunzitsi wanga. "Wakuuza ndani kuti uzigwira zinthu zanga ndi manja ako a fumbi la m'kalasiwo?"

"Zimadyedwa ndi chiswe, galu iwe."

"Chiswe chili ndi ulemu kuposa iwe. Koma wakalamba bwanji, nkhope ngati chikwama cha fodya."

Yuora, mkazi wa Dery, anaseka mpaka kukhala pansi. Mdalayo anaitana mwana wake ndi dzina, namutuma mowa wa mapira, naudandaula kuti ndi wamadzi. Dzuwa lisanalowe anali atabwerera m'kachetechete wake. Koma mawa lake titamupatsanso timitengo, anabweranso. Kuyambira pamenepo ndinkapita masana aliwonse. Tinadziwa tonse kuti Beyuo watsala m'matabwa amenewo basi, ndipo kuti matabwawo akachoka, iyenso wapita.

Vuto linayamba m'nyengo ya mphepo ya fumbi, pamene mawu amafika kutali. M'mawa wina Yuora anamusiya akuimba, iye n'kupita kuchitsime. Beyuo anasintha nyimbo. Anayamba ija yolengeza kuti pakhomo pafa mwamuna. Nyimbo imeneyi siimbidwa popanda mtembo, ndipo aliyense woimva amasiya chimene wagwira. Amuna anasiya madimba, amayi anabwera akulira manja ali kumutu. Mayi ake a Yuora anathamanga kuchokera kutsidya la mtsinje opanda nsapato, poganiza kuti mwana wawo wasanduka wamasiye. Anapeza Dery akumata tayala la njinga.

Ena anaseka. Bambo wina anauza Dery kuti popeza anthu asonkhana kale, angofa kuti ulendo usapite pachabe. Koma okalamba sanaseke, ndipo mayi ake a Yuora anabwerera osalandira ngakhale madzi.

Ndinalonjeza kuti ndizikhala pambali pake akamaimba. Akayamba nyimbo ya maliro ndinkang'ung'udza ya gule, ndipo nthawi zina manja ake ankanditsatira. Nthawi zina ndinkachita kumugwira pamkono.

"Ndisiye, Choko, ndili pa ntchito. Sukuona mtembo?"

Ndinamufunsa kuti wamwalira ndani. Tsiku lina ankati bambo ake, tsiku lina mkulu wake, anthu amene tinawaika kalekale. Kwa iye anali atangomwalira m'mawa womwewo, ndipo palibe amene anali atauza mudzi.

Sindikanatha kukhalapo nthawi zonse. Nyimbo ya maliroyo anaiimbanso ndili kuchipatala ndi bondo langa, anaiimbanso tsiku la msika. Obwera ankachepa. Kenako bambo Kuuire, amene nyumba yawo ili kuseri kwa munda wa Dery, anamwalira m'bandakucha. Woimba wawo analengeza monga mwa mwambo. Anthu anamva, nauzana kuti ndi Beyuo uja, napitiriza kuthirira tomato. Mkazi wa malemuyo analira yekha ndi ana ake aakazi mpaka dzuwa kufika pamutu, popanda womugwira dzanja.

Maliro atatha, amuna a m'makomo oyandikana anabwera kwa Dery. Sanakalipe. Anati mangolongondo achoke pakhomopo. Namwino Perpetua, amene ndinamuitana, anafotokoza kuti awa ndi matenda, si chipongwe kapena kulodza. Iwo anati sakutsutsa, koma mudzi umene sukhulupirira nyimbo yake ya maliro udzayamba kuika anthu ngati agalu. Yuora analankhula ali chiimire pakhomo la khitchini, ngakhale sanafunsidwe. Anati masiku amene apongozi ake aimba amadya okha ndipo sadziipitsira, ndipo amene akufuna kulanda matabwawo abwerenso kudzachapa. Mng'ono wake wa malemu Kuuire anamuyankha mofatsa kuti akauze zimenezo mkazi wa malemuyo. Dery anangoyang'ana pansi. Anali atatopa, ndipo ayenera kukhala ndi anthu amenewa moyo wake wonse.

Ndine ndinapereka maganizo akuti tichotse zipanda. Pansi pa thabwa lililonse pamamangidwa chipanda chokhala ndi timabowo tomatidwa ndi kachikopa koyera ka mazira a kangaude. Chimenecho ndicho chimakuza mawu ndi kuwapatsa kulira kuja kofika kutsidya. Popanda zipanda, ndinatero, mdalayo aziimba chilichonse chimene akufuna ndipo mawu sadzadumpha mpanda. Anthu anayang'anizana, navomera. Namwino anati n'koyenera kuyesa. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti ndakonza nkhani bwino.

M'mawa mwake Yuora anatenga apongozi ake kukawasambitsa, ine ndi Dery tinadula zingwe. Chipanda chilichonse tinachilemba chizindikiro ndi khala, n'kuziika zonse m'dengu.

Masana tinamukhazika pamalo pake, timitengo m'manja. Anamenya thabwa. Linalira ngati munthu akugogoda chitseko. Anamenya lina, kenako lina, mpaka kumapeto. Anawerama, napisa dzanja pansi pa matabwa, napapasa kwa nthawi yaitali. Ataweramuka anandiyang'ana mmene munthu amayang'anira wamkulu wa ku boma.

"Pepani bambo," anatero. "Awa si anga. Mwini wake akabwera mumuuze kuti ndinawapeza ali chonchi. Sindine ndawononga."

Anaika timitengo pansi mosamala, napukuta manja pa kabudula.

Tinayesa mawa lake ndi mkuja wake. Ankakunga zala kuti timitengo tisalowe. Sabata itatha Dery anati kaya anthu anena chiyani, tibwezeretse zipandazo, iye akapepesa khomo ndi khomo. Tinazimanga chilichonse pamalo pake, ndipo nditamenya thabwa limodzi mawu anamveka monga kale. Beyuo anadzidzimuka, natembenukira kukhoma, nanenanso kuti si iye anawononga. Yuora anatiuza kuti tisiye kumuzunza.

Mvula isanagwe, Dery anapereka mangolongondowo kwa woimba wa kutsidya, amene anali atawapempha kale. Namwino anandifunsa ngati ndingapitirize kuthandiza Lachitatu, ndipo ndimapita. Kwa Beyuo ndimapitanso, ngakhale si tsiku lililonse. Ndikafika amasendera kumapeto kwa benchi kuti mlendo akhale, ndipo Yuora amabwera ndi phala kudzamudyetsa ndi supuni.